Funsani Anamwino: Kuchimbudzi ndi kubafa msana utamangidwa ndi zitsulo

Anamwino,

Ndili ndi zaka 17. Msana wanga unapindikira kumbali, madokotala akuti ndi scoliosis, ndipo kupindikako kwafika madigiri 52. Mwezi wamawa andichita opaleshoni yolumikiza mafupa a msana n'kuikamo zitsulo. Andifotokozera za magazi, za ululu, za masiku amene ndikagone m'chipatala. Koma chimene chikundisowetsa tulo ndinalephera kufunsa chifukwa bambo anga anali pomwepo. Akuti sindidzaloledwa kuwerama kapena kupotoza thupi. Nanga ndikapita kuchimbudzi ndizikadzipukuta bwanji? Agogo anga akuti ndidzakhala m'chikhakha miyezi yambiri, zonse ndizidzachitira pabedi. Ndi zoona?

Mtsikana wa zaka 17

Mwanawe, funso lakoli silifunsidwa masana. Limadikira dokotala achoke, abale apite, magetsi a m'wodi azimitsidwe, ndiye munthu amakoka namwino pamkono n'kunong'ona. Iwe wachita bwino kulifunsa kukadali mwezi wathunthu, chifukwa yankho lake limafuna kuyeserera.

Agogo sakunama, akukumbukira zakale. Chitsulo chimene anayambitsa Paul Harrington, dokotala wa ku Houston ku America, n'kufala m'zaka za m'ma 1960, chinali ndodo yokoledwa kumwamba ndi kumunsi basi. Pakati ponse msana unalibe chougwira, n'chifukwa chake odwala ankakhala m'chikhakha miyezi ingapo. M'zaka za m'ma 1980 Yves Cotrel ndi Jean Dubousset a ku France anabweretsa ndodo ziwiri zogwira msana m'malo ambiri, ndipo lero ndodozo zimamangidwa ndi timabawuti tolowa m'mafupa mwenimwenimo. Odwala ambiri timawaimiritsa tsiku lotsatira kapena linzakelo. Ena amapatsidwa chovala cholimba chogwira msana, ena ayi. Zimenezo adzanena ndi dokotala wako.

Komabe zitsulo zimangogwirizira. Chimene akufuna n'chakuti mafupawo amerane, akhale fupa limodzi, ndipo zimenezi zimatenga miyezi 6 mpaka 12. Malamulo aja achokera pamenepo: osawerama, osapotoza thupi, osanyamula cholemera. Masabata 6 oyambirira madokotala ena amati osapitirira makilogalamu 2, ena amalola mpaka 5. Ndowa yamadzi iwaliratu.

Tsiku loyamba kapena lachiwiri za mkodzo si zako. Udzadzuka uli ndi kapaipi ka catheter kotulutsira mkodzo m'thumba. Akakachotsa, kukodza koyamba kumawotcha pang'ono ndipo nthawi zina kumachedwa. Pakadutsa maola 6 mpaka 8 usanakodze, kapena ukumva kuti chikhodzodzo chadzaza koma palibe chikutuluka, uza namwino nthawi yomweyo. Chimbudzi chachikulu kawirikawiri chimabwera patapita masiku atatu kapena kuposa, utayamba kale kuyenda.

Tibwere pa funso lako. Kuwerama kumene akukuletsa ndi kopinda msana. Mawondo ndi polumikizira ntchafu palibe wapamanga, ndiye pamenepo ndi pomwe uzipindira, msana uli chiwongokere. Ukalowa, tembenuka ndi mapazi, thupi lonse lizitembenukira limodzi. Bwerera chambuyo mpaka miyendo ikhudze mpando wa chimbudzi, talikitsa mapazi pang'ono, manja pantchafu, tsika pang'onopang'ono. Tishu uduliretu usanakhale pansi. Ndaona ana amene amasunga malamulo tsiku lonse bwinobwino, n'kudzapotoka pofuna kutenga tishu amene wina wamuika kumbuyo pa thanki. Tishu, sopo, chilichonse chizikhala kutsogolo kwako, pofika mkono.

Njira imene imayendera ambiri ndi yodzera kutsogolo. Uli chikhalire, tsegula miyendo, lowetsa dzanja pakati, kankhira tishu kumbuyo n'kumusiya agwe. Kwa mtsikana kolowera n'kofunika kwambiri: kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo nthawi zonse, tishu watsopano ulendo uliwonse. Ukakokera kutsogolo ukubweretsa tizilombo ta m'matumbo ku njira ya mkodzo, yomwe yangochotsedwa kapaipi ndipo sichedwa kugwira matenda. Ena amakonda kuimirira pang'ono, dzanja limodzi litagwira cholimba, thupi lonse litapendekera kutsogolo kuchokera polumikizira ntchafu, dzanja linalo n'kupita kumbuyo mapewa onse akuyang'anabe kutsogolo. Phewa likangotsatira dzanja, dziwa kuti wapotoka.

Pali china chimene amaiwala kuuza odwala. Msana ukawongoledwa munthu amatalika ndi masentimita angapo, koma mkono umakhala womwewo, ndiye pamene unkafika mosavuta mwina udzaperewera. Zimadaliranso kumene zitsulo zathera. Msana uli ndi mafupa 12 kumbali ya chifuwa ndi 5 m'chiuno, ndipo kuwerama kwambiri kumachitikira m'mafupa a m'chiunowo. Amene wamangidwa pachifuwa pokha, akachira amabwerera pafupifupi mmene analili. Amene zitsulo zatsika mpaka fupa lachitatu kapena lachinayi la m'chiuno amafunika kuphunzira njira zoti akhale nazo mpaka kalekale. Funsa dokotala kuti zako zidzathera pati. Limeneli ungalifunse ngakhale bambo ali pomwepo.

Dzanja likamalephera kufika, pali ndodo zapulasitiki zopanira tishu kunsonga. Zimathandiza, koma ine ndimakonda madzi. Peza botolo lofinya lokhala ndi kamlomo kopindika, thiramo madzi ofunda, uzitsira kuchokera kutsogolo madziwo azitsikira kumbuyo, kenako umitsa ndi tishu mongogunditsa. Botolo limayeretsa kuposa ndodo ndipo silifuna luso. Ungosamala kuti madzi asanyowetse bandeji, poti bala likakhala lalitali kumunsi kwake kumakhala pafupi. Timapepala tonyowa tija tili bwino, koma usamatitaye m'chimbudzi chamadzi, timatseka mapaipi.

Yamba lero. Ulendo uliwonse wa kuchimbudzi mwezi uno uziyenda ngati opaleshoni yachitika kale, kuti upeze njira yako thupi lisanayambe kuwawa. Usankhiretunso munthu mmodzi wamkazi amene umamasuka naye, kaya mayi, azakhali kapena achemwali, umuuze mosabisa kuti sabata yoyamba, mwinanso yachiwiri, angafunike kukupukuta. Kunena lero n'kopepuka kusiyana ndi kudzaitana uli m'kati, misozi ili m'maso.

Anamwino,

Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 anachitidwa opaleshoni ya msana masiku 6 apitawo ndipo tinatuluka dzana. Chichitireni opaleshoniyo sanachitepo chimbudzi. Mimba yafufuma. Madzi akukana, chakudya akungolawa. Nditamufunsitsa wandiuza kuti sakufuna kumwa chifukwa kudzuka kumawawa, komanso sakufuna kuti ndizimuperekeza. Akumwa tramadol ndi mapiritsi owonjezera magazi. Nditani?

Mayi wodandaula

Mayi, uthenga wanu ndinauyankha tsiku lomwe unafika poti sunali wodikira magazini: masiku 6 osachita chimbudzi, mimba itafufuma, ndi nkhani yolankhula ndi achipatala tsiku lomwelo. Ndaubweretsa pano chifukwa makolo ambiri amakumana nazo.

Matumbo a mwanayu akanikizidwa mbali zonse. Mankhwala ogonetsa pa opaleshoni amawafooketsa kwa masiku angapo. Mankhwala a ululu a gulu la morphine, momwe muli tramadol ndi codeine, amachedwetsa kuyenda kwa matumbo, chimbudzi n'kukhalitsa, madzi ake n'kuyamwidwa, n'kuuma gwa. Mapiritsi a iron owonjezera magazi nawo amadzimbitsa. Kugona pabedi kumawonjezera. Pamwamba pa zonsezi mwanayo waikapo nzeru yake, yoti akasiya kumwa sadzafunika kuperekezedwa. Manyazi anapha lambe. M'wodi odwala amene amandidetsa nkhawa si amene amaitana kawirikawiri, koma amene kapu yawo ya madzi imakhala yodzaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kumati ali bwino.

Ndiye yambani ndi zimene wakuuzanizo, ululu ndi manyazi. Mukazithetsa amwa yekha.

Pa ululu, onani mmene akudzukira. Asadzuke chagada n'kudzikoka ndi mimba. Apinde mawondo, agubuduke ngati chipika, mapewa ndi chiuno limodzi, mpaka agone cham'mbali mphepete mwa bedi. Atsitse miyendo uku akudzikankha ndi chigongono ndi dzanja. Akhale kaye mphindi imodzi, chizungulire chithe, ndiye aime. Mankhwala a ululu amwe patatsala pafupifupi theka la ola kuti apite kuchimbudzi. Musamusiyitse mankhwalawo mwadzidzidzi poganiza kuti ndi amene ayambitsa vuto. Ululu ukakula sayenda, ndipo osayenda ndiye kudzimbidwa kwenikweni. Kuchepetsa kwake mugwirizane ndi dokotala. Musamuonjezere ibuprofen kapena diclofenac mwa inu nokha, chifukwa madokotala ena a msana amaletsa poopa kuti angachedwetse kumerana kwa mafupa.

Pa manyazi, muperekezeni, mukhazikeni bwino, tulukani. Chitseko chitsekedwe koma chisakhomedwe, inu muime chapafupi, akatha akuitanani. Akafuna kupukutidwa chitani mwachangu, osayankhula zambiri, osakwinya nkhope. Ndipo chonde, tsiku limene zitheke musalengeze kwa alendo obwera kudzazonda kuti lero wachita. Ndikudziwa kuti kwa inu ndi chimwemwe, koma mwana wa zaka 14 akamva zimenezo mawa sapitanso.

Madzi azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, lita imodzi ndi theka mpaka awiri ngati dokotala sanaletse. Mkodzo ndi umene ukuuzeni: ukakhala woyererako ndiye zikuyenda, ukakhala wachikasu chakuda ndiye akuperewera. Aziyenda m'nyumba kangapo patsiku, pang'onopang'ono. Zipatso ndi masamba n'zabwino, koma kudzimbidwa kobwera ndi mankhwala a gulu la morphine sikumva zipatso zokha. Pamafunika mankhwala ofewetsa kapena oyendetsa matumbo monga lactulose, macrogol, senna kapena bisacodyl, ndipo ine ndimaona kuti wodwala aliyense wotuluka ndi tramadol azituluka nawo limodzi. Ngati sanakupatseni, funsani. Za kumupopa madzi kumbuyo kunyumba, kapena kumumwetsa mankhwala amphamvu otsegula m'mimba amene wina wakuuzani, zisiyeni.

Matumbo amadzuka okha munthu akangodya, makamaka m'mawa. Pakatha mphindi 20 kapena 30 atadya kadzutsa, akakhale pachimbudzi ngakhale asakumva kanthu. Kampando kafupi pansi pa mapazi kamathandiza, msana uli chiwongokere. Asachime. Azipuma mpweya n'kuutulutsa pang'onopang'ono pakamwa. Mphindi 10 zikakwana adzuke, adzayesenso nthawi ina.

Pali zizindikiro zimene simudikira nazo kuti kuche. Akamasanza mobwerezabwereza, makamaka masanzi obiriwira, kapena mimba ikumka nitupa osatulutsa ngakhale mpweya, thamangani naye. Mwa ana owonda, kuwongoka kwa msana nthawi zina kumachititsa kuti mtsempha waukulu wamagazi upane chiyambi cha matumbo aang'ono, chakudya n'kulephera kudutsa. Sizichitikachitika, koma zikachitika zimaonekera m'masabata oyambirira omwewa. Chimodzimodzi akalephera kukodza, akayamba kudzikodzera kapena kudziyipitsira osamva, akachita dzanzi pakati pa miyendo ndi m'matako, kapena miyendo ikayamba kufooka kuposa dzulo. Zimenezo zingatanthauze kuti mitsempha ya mumsana yapanikizika, ndipo pamenepo ola lililonse ndi lofunika.

Anamwino,

Kunyumba kwathu chimbudzi n'chonyonyomala. Mnyamata wanga akutuluka m'chipatala sabata yamawa. Atha kuchigwiritsa ntchito?

Bambo wa mnyamata

Bambo, pakadali pano ayi. Munthu akanyonyomala mpaka pansi chiuno chimalowa m'kati ndipo kumunsi kwa msana kumapindika kokha, iye osafuna. Podzuka napo pamafunika mphamvu za miyendo zimene alibe, ndipo akaterereka palibe chogwira. Mupezereni mpando woboola pakati, wokhala ndi mogwira manja mbali zonse, woti uikidwe pamwamba pa dzenje kapena ukhale ndi chidebe pansi. Mukakhoma nokha, msinkhu wake ukhale woti akakhala mapazi afike pansi, chiuno chikhale chofanana ndi mawondo kapena chokwererako pang'ono, ndipo muyambe mwakhalapo inu kuti muone ngati sukugwedera. Usiku mpandowo kapena botolo lokodzera zikhale pafupi ndi bedi. Ambiri amagwa usiku, ali ndi tulo ndi mankhwala m'mutu. Ngakhale amene ali ndi chimbudzi chokhalira aone msinkhu wake, chifukwa zambiri n'zazifupi ndipo zimafuna chokwezera. Asadzikoke ndi chitsulo chopachikapo thawulo, sichinapangidwire kunyamula munthu. Za kubwerera ku kunyonyomala adzanena ndi dokotala pomuonanso.

Anamwino,

Mkazi wanga ali ndi zaka 34, anamangidwa msana masiku 10 apitawo. Akudandaula kuti akudzimva fungo ndipo akufuna kusamba thupi lonse. Ine ndikuopa kunyowetsa bala. Tikumakangana tsiku lililonse. Wolakwa ndani?

Mwamuna wake

Bambo, palibe wolakwa, koma mkanganowu atha kuuthetsa ndi dokotala amene anasoka balalo. Mabandeji amasiyana. Ena salowa madzi ndipo wodwala amaloledwa kusamba pashawa patangopita masiku ochepa. Ena amafuna kuti bala likhale louma mpaka ulusi utachotsedwa, kawirikawiri cha pa masabata awiri. Chimene madokotala amagwirizana n'chakuti kudziviika m'bafa lodzaza madzi kapena kusambira kudikire bala litapoleratu, masabata 4 mpaka 6.

Podikira chilolezo, mayiwo asakhale ndi fungo. Akhale pampando wolimba, beseni likhale patebulo osati pansi. Nkhope, khosi, m'khwapa, pansi pa mabere, mimba ndi kumaso atha kudzisambitsa okha ndi kansalu, ndipo muwasiye atero. Ntchito yanu ndi miyendo, mapazi ndi msana mozungulira bandeji. Madzi muwatengere ndinu. Amuna ambiri akachita mantha amafuna kuchita zonse, mkazi n'kumadziona ngati katundu. Mwina mkangano wanu wagona pamenepo kuposa pa bala.

Tsiku loyamba kusamba thupi lonse mukhalepo. Madzi otentha amatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo munthu amene wataya magazi pa opaleshoni sachedwa kuona mdima. Madzi akhale ofunda chabe, kusamba kukhale kwachidule, akhale pampando wapulasitiki wosaterereka, pansi payalidwe choletsa kuterereka. Kutentha kwa madzi ayese ndi dzanja. Khungu la m'mbali mwa bala limachita dzanzi kwa miyezi, moti atha kupsa osamva. Sopo akagwa pansi asamutole. Muikeni m'sokosi yakale n'kuimangirira pofika mkono, kapena gwiritsani ntchito sopo wamadzi. Siponji ya chogwirira chachitali iwafikitsa kumiyendo osawerama. Madzi angoyenda pabala, osalikhula, osalilunjika ndi shawa yamphamvu. Pomaliza gunditsani thawulo loyera mpaka paume. Mafuta odzola, paudala ndi mankhwala ena alionse asafike pabala pokhapokha dokotala atanena. Timapepala tomata bala tisamatulidwe, timagwa tokha.

Tsitsi limavuta chifukwa tinazolowera kulitsuka titaweramira beseni. Akhale chiwongokere, atseke maso, inu muzitsira madzi ndi jagi, bandeji itatchingidwa ngati sinaloledwe kunyowa. Amene sanachitidwe opaleshoni ndimawalangiza kuti alukiretu kapena kumeta, koma malukidwe ake asakhale ndi mfundo kunkhongo, poti agonera pomwepo masiku ambiri. Potsuka mano aime chiwongokere n'kulavulira m'kapu m'malo moweramira sinki.

Popeza iwo sangadzione kumsana, maso awo ndinu. Tsiku lililonse yang'anani bala pamalo owala. Kufiira kumene kukufalikira, kutupa, kutentha, mafinya, fungo lochokera pabala penipenipo, bala kutseguka, kapena thupi kutentha kufika madigiri 38, pitani kuchipatala. Madzi oyera mbee akamatuluka pabala, mutu n'kumawawa kwambiri akadzuka koma n'kuleka akagona, nazonso musazengereze. Ngati anapatsidwa chovala chogwira msana, m'kati azivala kamalaya kathonje kopanda makwinya, kosinthidwa tsiku ndi tsiku, ndipo muziona ngati sichikutupula khungu m'chiuno ndi m'khwapa.

Anamwino,

Tsiku langa la opaleshoni likugundana ndi masiku anga a kumwezi. Ndipemphe kuti asinthe?

Wophunzira wa zaka 19

Mwana wanga, kawirikawiri msambo susinthitsa opaleshoni, ungowauza pokulandira. Ngakhale amene masiku awo ali kutali ndimawauza kuti atenge mapadi, chifukwa thupi likadzidzimuka ndi opaleshoni msambo umatha kufulumira kapena kuchedwa, ndipo anamwino tinazizolowera. Masiku oyambirira mapadi ndi osavuta kuposa zolowetsa m'kati, zimene zimafuna kupinda thupi komanso kukumbukira maola uli ndi mankhwala oledzeretsa m'mutu. Tenga makabudula am'kati otakasuka, amene lamba wake sakhudza kumunsi kwa bala. Posintha, khala pansi, kabudula akhale pa mawondo, mata padi pomwepo, ndiye uime n'kukweza. Kuvala kabudula watsopano kuyambira kumapazi ndi kumene kumavuta: wina akulowetse mapazi n'kukweza mpaka m'mawondo, kwinako umaliza wekha. Magazi akamatuluka ambiri kuposa masiku onse, kapena ukamamva chizungulire ndi mtima kugunda msangamsanga ukaima, nena, chifukwa ukhala utataya kale ena pa opaleshoni ndipo angafune kukuyeza magazi.